Chikopa cha Mafuta a Ndege

Mlangeni, Ntcheu
5 Febuluwale, 1979

Okondedwa achimwene a Kingston,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chileka kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Emma. Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la aBambo lija limene limadwala masiku olima okhaokha, tsiku la gule limachira lokha.

Kalatayi ndapatsira a Abbas pa lole yawo ya mbatatesi. Za ku positi mukuzidziwa, kalata imafika kwa mwini wake itasangalatsa kale anthu atatu.

Mukukumbuka kabwalo ka ndege ka Bwana Chipewa, mzungu wa esiteti uja, kamene aBambo amalondera? Pa 24 mwezi uno patera mlendo wamkulu wochokera ku likulu la Chipani. Akudzatsegula shedi yogulitsiramo mbatatesi. Shediyo ilibe denga, koma a Silvester, atcheyamani a nthambi yathu, akuti mlendo sayang'ana kumwamba, amayang'ana riboni. Msewu wathu mvula yaudula pawiri, ndiye Bwana Chipewa wadzipereka kukamutenga mlendoyo pa kandege kake ka mipando inayi. Anadzipereka atayenderedwa kawiri ndi anyamata a malaya ofiira.

Tsono a Silvester alamula kuti amuna onse ovina ngoma avale zonse: nthenga kumutu, chishango m'manja, chikopa m'chiuno. Wobwera ndi kabudula amuwerenga ngati wonyoza mlendo. Apa ndi pamene pagona vuto. Chikopa cha aBambo makoswe anachidya m'denga, chatsala ndi chingwe chokha. Masiku atatu tsopano akungotola chakudya ngati mkamwini watsopano. Akuti zaka makumi anayi akhala akutsogolera mzere, sangakaime kumbuyo ndi tiana tophunzira kumene.

Ndiye andituma kuti ndikupempheni chikopa. Akuti mwana wawo wogwira ntchito ya ndege sangalephere kupeza kachikopa kamodzi m'tauni monsemo. Muyankhe msanga, masiku atha.

Ndine mlongo wanu,
Lufina

Chileka, Blantyre
17 Febuluwale, 1979

Wokondedwa mlongo wanga Lufina,

Moni kwa iwe ndi aBambo. Ife kuno tili bwino kwambiri. Ndachedwa kuyankha chifukwa cha kuchuluka kwa udindo. Mwina sunamve, tsopano ndine wamkulu wa onse othira mafuta pa kalabu ya ndege zing'onozing'ono. Ndili ndi anthu awiri pansi panga, ndipo ovolosi yanga ndi yoyera.

Za chikopa, uwauze aBambo mwaulemu kuti Blantyre si dambo losakako nyama. Abwereke kwa anzawo amene miyendo inawathera.

Koma poti kwanuko kutera ndege, ndikuphunzitse pang'ono kuti usakachite manyazi pagulu. Mdani wa ndege si mphepo, si mfiti, ndi madzi. Nyengo ya mvula ino mgolo wa petulo umalowa madzi ngakhale utsekedwe chotani. N'chifukwa chake ife akatswiri sitithira mafuta popanda kusefa pa kachikopa kofewa kachikasu kochokera kunja. Petulo amadutsa, madzi amatsalira pamwamba. Ndiponso woyendetsa asananyamuke amagwada pansi pa phiko n'kukhetsera timafuta m'botolo kuti aone ngati muli madzi. Akapanda kutero, ndege imanyamuka bwinobwino, kenaka madzi aja akafika ku injini, injini imazima muli m'mwamba mofanana ndi mitengo.

Zikatero lamulo ndi limodzi: mphuno pansi, tera kutsogolo kwako, kaya ndi m'munda kaya ndi m'dambo. Amene amakhota kuti abwerere pabwalo ndi amene timakawatola m'masaka. Izi azungu ambiri amadzandifunsa ine.

Undilembere mmene mwambo uyendere. Ngati a Abbas ali ndi malo, kathumba ka mbatatesi sikangatipweteke.

Ine achimwene ako,
Kingston Paison

Mlangeni, Ntcheu
26 Febuluwale, 1979

Achimwene,

Moni. Yankho lanu sitinalione mpaka lero. Tamva kuti lole ya a Abbas yafera pa Manjawira, mwina kalata yanu ikugona kumeneko. Koma musadandaule za chikopa, aBambo anachipeza okha.

Khalani pansi ndikuuzeni. Ndege inagwa. Palibe wafa, ndiyambe ndi zimenezo.

Kubwera inabwera bwino. Mlendo anadula riboni, mvula n'kuyamba, tonse tinanyowa m'shedi yopanda dengayo tikuomba m'manja. Kenaka ngoma. Achimwene, aBambo anavina. Anapeza kachikopa kachikasu kofewa kali pamsomali m'kanyumba kosungiramo migolo ya mafuta, akuti kanangokhala kopanda ntchito. Kananunkha petulo, koma atakachapa ndi kukapaka nsatsi kanawala kuposa zikopa zonse pamzerepo. Mlendo anaimitsa gule, anakagwira, n'kufunsa kuti ndi nyama yanji. ABambo osaphethira n'komwe anati, "Ya makolo, bwana. Masiku ano idatha." Wojambula wa boma anawajambula katatu.

Nthawi yobwerera itayandikira, Bwana Chipewa anali atapanikizidwa patebulo, poti munthu sadzuka mlendo akudya. Anangotuma mawu kwa a Silvester kuti anyamata athire mafuta, asefe ndi chikopa chili pamsomali. Pamsomali panalibe kanthu, chikopa chinali m'chiuno mwa aBambo chikulandira ulemu. A Silvester sanavutike. Anavula mayi Selestina, akazi awo, nsalu ya Chipani ya paphewa, n'kuiyala pa fanulo yothirira mafuta, nkhope ya mtsogoleri ili m'mwamba. Anati, "Palibe choipa chingadutse pa nsalu iyi." Tonse tinaomba m'manja, inenso ndinaomba.

Bwana Chipewa atabwera anatenga kabotolo kuti agwade pansi pa phiko monga amachitira nthawi zonse. Koma mlendo anali atakhala kale m'ndege, amayi atayamba nyimbo yotsanzika. A Silvester anamugwira mkono n'kunena kuti mlendo sadikira botolo.

Inathamanga, inanyamuka, inapitirira mabulugamu a kumapeto kwa bwalo. Kenaka inakhosomola katatu n'kukhala chete. Chete weniweni, moti tinkamva mphepo ikulira m'mapiko. Ife amayi tinapitiriza kuimba chifukwa panalibe amene anatiuza kuti tileke. Ndege inaweramitsa mphuno n'kulunjika m'munda wa mbatatesi wa mayi Rute. Mateyala anatitimira m'mizere, iyo n'kuima chamutu, mchira kuloza kumwamba.

Tinaima osadziwa ngati kuthamangirako ndi ulemu kapena mwano. Amene anafika koyamba ndi mayi Rute, kukalirira mbatatesi zawo. Mlendo anatuluka chokwawa, mano awiri palibe, tambala amene tinamupatsa ali pamsana pake. Bwana Chipewa wathyoka mkono. Akuti m'mwambamo mlendo ankakalipa kuti akhote abwerere pabwalo, iye sangatsikire m'munda ngati thumba la feteleza, koma mzunguyo anakana.

Madzulo ake a Silvester anaitanitsa msonkhano. Atiuza kuti palibe amene anaona ndege ikugwa. Ndege inatera kawiri chifukwa mlendo anakonda Mlangeni.

ABambo akuti ndikuuzeni kuti chithunzi chawo chituluka m'nyuzipepala, muziyang'ana.

Mlongo wanu,
Lufina

Chileka, Blantyre
6 Malichi, 1979

Lufina,

Moni. Kalata yako ndaiwerenga nditatsekera m'chimbudzi, ndipo ndaitentha. Iwenso utenthe ino.

Kodi kalata yanga ija sinafikebe? Chikopa chimene aBambo avinira ndi chija chosefera madzi. Ndege ija yagwetsedwa ndi gule. Kuno nkhani yafika kale, ndipo mawu amene akunongʼonedwa ndi oti chiwembu. Ukudziwa kumene amapita anthu a mawu amenewo, ndipo ukudziwa kuti pa msinkhu wawo aBambo sangathe chaka kumeneko.

Mvera bwino. M'kaphukusi kamene ndapatsira a Abbas muli chikopa china chatsopano. Usafunse kumene ndachitenga. Uchinyowetse ndi petulo, uchidetse pang'ono, ukachigwetsere kuseri kwa migolo m'kanyumba muja ofufuza asanafike. Zidzaoneka ngati chinagwa pamsomali anyamata osachiona. Chakale chija uchikwirire. ABambo asavinenso mpaka chaka chithe, unene kuti ndi bondo.

Mbatatesi zija zisiye.

Kingston

Mlangeni, Ntcheu
15 Malichi, 1979

Mwana wanga Kingston,

Ndine bambo wako Nzunga, ndikuyankhula, mlongo wako akulemba. Moni iwe ndi mpongozi wanga.

Chikopa ndalandira. Chidachedwa, koma chafika. Ndidadziwa kuti mwana wanga sangandichititse manyazi. Abasi adandipatsa m'manja mwanga pa sitolo, anthu akuona, ndipo ndidachitambasula pomwepo kuti aliyense adziwe kuti ndidabala. Ndachicheka timizere, ndachilumikiza ndi chinzake chija. Tsopano kutsogolo kuli, kumbuyo kuli.

Udziwenso kuti dzina langa lamveka. Adabwera anthu awiri a majekete pa galimoto, adandifunsa mafunso ambiri, dzina langa, la bambo wanga, zaka zimene ndalondera pabwalo. Adalemba zonse. Andiitana ku boma pa 2 Epulo. Ndikuganiza kuti ndi za gule wa chikondwerero cha dziko. Ngati uli ndi jekete limene sukuvala, tumiza.

Ndatha ine bambo wako.

Achimwene, pano ndikulemba ndine Lufina, aBambo apita kukaonetsa chikopa kwa anzawo.

Makalata anu onse awiri anafika tsiku limodzi, ine ndili ku maliro ku Bwanje. A Abbas anasunga makalata kudikira ine, koma phukusi anapereka kwa aBambo poti munalembapo dzina lathu. Pamene ndinkabwera n'kuti mpeni utadutsamo kale. Ndinawerenga phunziro lanu la madzi lija nditakhala pakhonde. Likanafika pa nthawi yake bwenzi tikuseka.

Ndayesa kuwauza aBambo kuti abise chikopacho. Akuti ndili ndi nsanje ngati malemu amayi. Chifukwa chenicheni sindinawauze. Mukuwadziwa, akangodziwa akauza aliyense, kuyambira a Silvester.

Zinthu zili chonchi. Bwana Chipewa anamupatsa tsiku limodzi kuti atuluke m'dziko, wapita ndi mkono wake uli m'pulasitala. Wa makina amene anabwera ndi anthu a majekete anatsegula thanki, anapezamo madzi odzaza botolo la fanta. Anafunsa kuti mafuta anasefedwa ndi chiyani. A Silvester anaimirira n'kunena mokweza kuti ndi nsalu ya Chipani. Pamenepo cholembera cha wofunsayo chinaima. Anayang'ana mnzake, mnzakeyo anayang'ana nsapato zake. Khoswe wakhala pa mkhate, achimwene.

Za chikopa palibe amene akufunsanso, ngakhale chikuyendayenda m'mudzi monse masana. Nzeru yawo ndi iyi: pa nsalu ija madzi sangadutse, ndiye kuti alipo amene anawathira dala m'thanki pambuyo pake. Ndipo amene amasunga kiyi wa pabwalo ndi mlonda. Za pa 2 Epulo si za gule. Ndinamva mmodzi akunena kuti nsaluyo apita nayo kwa akatswiri a mafuta ku Chileka kuti akasaine kuti ilibe vuto, akatero nkhani yatha.

Ndili ndi mantha. Usiku ndi usana ndikungowaona aBambo akukwera galimoto ija atavala jekete lanu, akumwetulira.

Lufina

Chileka, Blantyre
27 Malichi, 1979

Mlongo wanga,

Moni. AEmma akupereka moni.

Akatswiri a ku Chileka amene unamva aja ndine. Palibenso wina. Mzungu wa makina wati iye amadziwa injini, za kusefa afunse wamkulu wa othira mafuta. Udindo uja ndinkakuuza uja wandipeza.

Anthu a majekete aja anabwera lero, abweranso mawa m'mawa ndi nsaluyo. Pepala alemba kale, langotsala dzina langa. Likunena kuti mafuta osefedwa pa nsalu imeneyo ndi oyera. Sakudziwa kuti mlondayo ndi bambo anga, poti kuno ndimalembedwa Paison, iwo papepala ali Nzunga. Mmodzi anachita kundisisita paphewa, akuti ndi kankhalamba kena ka ku Ntcheu, ndisataye nako nthawi.

Ndikasaina, aBambo apita. Ndikakana, ndanena kuti nsalu ya Chipani imadutsa madzi, ndipo mawu amenewo sanatulukepo m'kamwa mwa munthu n'kukagona kwake.

Zaka zonsezi ndakhala ndikukulemberani zodzitama. Zoona zake n'zakuti ntchito yanga ndi kugubuduza migolo ndi kugwira fanulo. Chimene ndimadziwa bwino pa dziko lino ndi chimodzi chokha, ndicho chimene madzi amachita.

Jekete ndapatsira a Abbas. Lili ndi kabowo m'thumba lamanzere, usoke.

Achimwene ako,
Kingston

Lunzu
4 Epulo, 1979

Okondedwa alamu a Lufina,

Moni. Ndine Emma. Sindinazolowere kulemba makalata, mundikhululukire. Ndili kwa azakhali anga ku Lunzu, nyumba ya kuntchito anatitulutsamo.

Achimwene anu anawatenga Lachitatu lapitalo. Ine kunalibe, zonse wandiuza ndi a Ahmad amene amagwira nawo ntchito.

Akuti anthu aja anafika m'mawa ndi nsalu ili mu envulopu. Anayala pepala pa mgolo, n'kuwapatsa cholembera. Achimwene anu anati iwo sasaina chinthu asanachiyese, ndi lamulo la ntchito. Anapempha alendowo kuti agwire nsaluyo m'makona anayi. Iwo anagwira, poganiza kuti ndi mwambo. Ndiye achimwene anu anatenga kapu ya madzi n'kuthira pakati. Madzi onse anathera pa nsapato za wamkulu wawo.

Kenaka anatenga chikopa cha kuntchito, anachinyowetsa ndi petulo, n'kuthirapo madzi. Madzi anakhala pamwamba osadutsa. Panali mzungu wa makina, oyendetsa ndege awiri ndi antchito onse. Achimwene anu anati, "Mwaona nonse. Ndi madzi a mvula a mu mgolo. Nsalu ndi nsalu. Mlonda uja alibe mlandu, lembani kuti ndi ngozi." Mzungu uja anati iye walemba kale, ndipo lipoti lake likupitanso kwa a inshuwalansi kunja. Anthu aja anang'amba pepala lawo.

Atatero wamkuluyo anapukuta nsapato, n'kufunsa mofatsa kuti, "Tsono amene anakulolezani kuthira madzi pa nkhope iyi ndani?"

Anawakweza galimoto chakudya cha masana chisanakwane. A Ahmad anandibweretsera mbale yawo isanatsegulidwe. Ndayenda malo anayi kufunsa. Kulikonse akuti dzina limenelo salidziwa, ndipo kwina anandilangiza kuti ndikapitiriza kufunsa adzalidziwa langa.

Sindikudziwa ngati ndiwakwiyire kapena ndiwanyadire. Ndikuchita zonse ziwiri, ndipo ndikulira. Mundiuze za aBambo. Nkhaniyi muwafotokozere m'njira imene muone kuti ndi yabwino.

Mlamu wanu,
Emma

Mlangeni, Ntcheu
13 Epulo, 1979

Okondedwa alamu anga,

Moni. Kalata yanu ndinalandira. Ndinakaiwerengera kudimba, ndinalira komweko, n'kusamba kumaso ndisanabwerere kunyumba.

ABambo ali bwino. Ku boma anapita pa 2 paja, ine ndikuwaperekeza, m'kachikwama nditabisamo bulangeti ndi mankhwala a bondo. Tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka kalaliki anatuluka n'kunena kuti nkhani inatha, inali ngozi ya mvula, tizipita. ABambo anakwiya njira yonse kuti awayendetsa ulendo wonsewo osawauza tsiku la gule.

Koma tsiku la gule lafikadi. Chithunzi chija chinatuluka, ndipo awasankha kukatsogolera ngoma ya boma lino pa chikondwerero cha mu Julaye ku Blantyre. A Silvester nawo awakweza, tsopano ndi atcheyamani a dera lonse, chifukwa cha kuteteza moyo wa mlendo. Shedi ija ilibebe denga. Ndege ikadali m'munda mwa mayi Rute, nkhuku zikuikira m'mipando.

Alamu, ndachita chinthu ndipo ndikufuna mundithandize kuchisenza. ABambo anaona a Abbas akundipatsa kalata yanu, ndiye madzulo anandiitana kuti ndiwawerengere. Ndinaitambasula, ndinayang'ana mawu anu, koma pakamwa panga panatuluka zina. Ndinawerenga kuti a Kingston awatumiza kunja ku maphunziro a ndege zikuluzikulu, ananyamuka mwadzidzidzi, ndipo sakudziwa tsiku lobwerera. ABambo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndinkadziwa. Mwana uja mutu wake ndi wanga." Chawapweteka n'chakuti sadzawaona akuvina ku Blantyre.

Musandiweruze. Akadziwa zoona, mawa lomwe avala jekete lija, atenga chikopa chawo, akaima pa boma n'kunena kuti wolakwa ndine, bwezani mwana wanga. Mwanayo sadzamubweza, iwonso adzawasunga. Tidzataya awiri, ndipo zimene anachita achimwene zidzapita pachabe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mwezi uliwonse muzilemba kalata imodzi ngati yochokera kwa a Kingston, muzipatsira a Abbas. ABambo sadziwa kuwerenga, koma amafuna kuigwira envulopu ndi kuinunkhiza, ndipo khutu lawo ndi lakuthwa. Musamalembe mofatsa ngati mmene mumalembera inu. Muzidzitama. Muzinena kuti azungu akumeneko akudzawafunsa nzeru, kuti anthu a pansi pawo tsopano ndi khumi, kuti ife kuno ndife otsalira. Mukaika mawu achikondi ngakhale amodzi, adziwa kuti mwana wawo ali pa mavuto.

Yoyamba ifike mwezi uno usanathe. Ayamba kale kukhala pamsewu Lachisanu lililonse kudikira lole.

Mlamu wanu,
Lufina